Phunziro la sabata ino: Kodi "cholapitsa" chinalapitsa ndani?



Lachiwiri lapitali, ku madrasa kumene ndimathandizira kuphunzitsa madzulo kuno ku Ntaja, tinali pa mutu wa tawba. Ana ake ndi a zaka 11 mpaka 14, ena amachita kufika ndi yunifolomu ya kusukulu, fumbi lili mbuu kumapazi. Ndinalemba pa bolodi mawu atatu motsetsereka: kulapa, kulapitsa, cholapitsa.

Liwu loyamba sanavutike nalo. Kulapa ndi kusiya tchimo n'kubwerera kwa Allah. Lachiwiri anayankha ndi mtsikana wina, akuti kulapitsa ndi pamene amayi akuthyapa ndi kamtengo ka bulugamu kuti usadzayambirenso. Tonse tinaseka. Nditaloza lachitatu, manja anakwera kalasi yonse, ndipo kamnyamata kena sikanadikire n'komwe kuti ndikaloze.

"Mwalimu, cholapitsa ndi chinthu chabho kwambiri. Ngati foni yanyuwani, kapena chigoli chomenyera patali."

Anzake onse anavomera. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaona kuti liwu lachitatulo ndi mdzukulu wa loyamba lija. Ndipo ambiri mwa anawa anali asanabadwe pamene nyimbo imene inafalitsa liwuli inkamveka m'mabala ndi m'malo ometera tsitsi. Nyimboyo sakuidziwa, woimbayo ena sanamumvepo, koma liwu analilandira ngati cholowa.

Ndinabwerera kunyumba mtima uli myuu, chifukwa liwu limeneli ine ndili nalo ngongole. Ndifotokoza kutsogoloku. Tiyambe ndi nyimboyo.

"Cholapitsa" ndi nyimbo ya Phyzix, woimba rap wa ku Lilongwe amene dzina lake lenileni ndi Noel Chikoleka. Papita zaka zoposa khumi chitulukireni. Nthawi imeneyo ine ndinali ku sekondale yoyendera cha ku Ulongwe, ndipo amene munakulira mbali ya Balaka mukudziwa kuti makutu athu analeredwa ndi nyimbo zamtundu wina. Kwathu kunali kwa Alleluya Band, imene inayamba mu 1978, kwa Paul Banda, kwa malemu Lucius Banda ndi Zembani Band yake. Ukakwera minibasi kuchoka ku Liwonde kupita ku Balaka kapena ku Mangochi, chimene unkamva chinali chimenecho, Chichewa choongoka, nkhani za umphawi, za ana amasiye, za andale. Rap tinkaitenga ngati ya ana a kumayadi a ku Blantyre ndi Lilongwe, amene amaimba m'Chingerezi chimene ife a kumudzi timangomva kugunda kwa ng'oma basi.

Ndiye kunabwera mafoni a ku China aja okhala ndi masipika ngati wailesi, kunabwera ma memory card, kunabwera Bluetooth. Pa trading centre iliyonse panali mnyamata wa kompyuta wothirira anthu nyimbo. Nyimbo siinkadikiranso kuti wailesi iiike. Inkachoka m'foni ya kondakitala n'kulowa m'foni ya wa kabaza, madzulo ake ili kale m'thumba la mwana wa Fomu 2. Nthawi yomweyo anyamata a rap anayamba kuimba m'Chichewa cha pamsewu, chimene timayankhula pa siteji podikira basi. Apa m'pamene Phyzix anatigwira. Nyimbo yake ina, "Gamba", inachitanso chimodzimodzi: mwadzidzidzi mnyamata aliyense wolimba mtima, wodzidalira, wosaopa kuvutikira ndalama yake anasanduka gamba. Mpaka mwiniwakeyo anadzadziwika kuti Gamba wa Suit.

Ndisananene zambiri, ndidziwiretu funso limene ena mwakonzeka kale kundiponyera: "Nanga nyimbo si haramu?" Ma ulama analankhula zambiri pa nkhani ya zoimbira ndipo sanagwirizane pa mbali zonse, ine si mufti, ndipo lero sindikupereka fatwa. Mfundo yanga ndi ina. Ngakhale iwe amene sunatsegulepo nyimbo ya rap chibadwire, amene m'foni mwako muli ma nashid ndi Qur'an yokhayokha, umayankhula mawu amene anabwera ndi nyimbozi. Unawatola kwa anzako, ku mpira, pa WhatsApp. Makutu ungawatchinjirize ku nyimbo, koma lilime lako likudya nawo.

Phyzix sanapange liwu loti cholapitsa. Linalipo kale m'Chichewa, ndipo njira imene layenda ndi yosangalatsa kuilondola. Kulapa ndi kuvomereza kulakwa n'kutembenuka. Kulapitsa ndi kumuchititsa munthu kuti alape, kawirikawiri pomupweteka. Choncho akuluakulu akati "dzuwa la ku Balaka ndi lolapitsa" kapena "mtengo wa feteleza chaka chino ndi wolapitsa", amatanthauza chinthu chowawa mpaka munthu n'kunena kuti sindidzayambiranso. Taonani kuti apa tanthauzo layamba kale kutsetsereka, lachoka pa tchimo lapita pa kukula kwa chinthu. Achinyamata anangolikankha pang'ono: chinthu chachikulu, chopitirira muyezo, chosati n'kupikisana nacho, ndiye kuti chabwino zedi. Nyimbo inalipeza liwuli lili panjira, n'kulikweza galimoto. Limene likanayenda zaka zambiri kuti lichoke ku Lilongwe kufika ku Nayuchi linafika m'miyezi yowerengeka.

Koma pali china chimene ndinachizindikira mochedwa, ndipo anandizindikiritsa ndi agogo anga aakazi. Iwo Chichewa amayankhula mokakamizika, chawo ndi Chiyao. Tsiku lina anandimva ndikuuza mphwanga kuti mpunga umene anaphika unali wolapitsa, ndipo sanadabwe ngakhale pang'ono, anangomwetulira ngati ndawayamikira bwino. N'chifukwa chiyani? M'Chiyao kulapa si kulira chifukwa cha tchimo ayi. Kulapa ndi kutamanda, kuzizwa ndi chinthu chokoma kapena chodabwitsa. Ndiye kwa khutu la Myao, cholapitsa chimamveka ngati chinthu chochititsa munthu kutamanda. Ine ndimaganiza kuti n'chifukwa chake liwuli linakhazikika msanga kuno ku Machinga ndi Balaka, kumene mwana amadzuka ndi Chiyao kunyumba, Chichewa kusukulu, Chiarabu ku madrasa. Linafika ngati mlendo, koma linapeza abale ake ali kale pakhonde.

Izi zikutiuza kuti mawu amayenda, ndipo kuyenda kwa mawu si tsoka. Chichewa chimene timati chenichenicho n'chodzaza ndi mawu obwera. Agogo athu amene anapita ku migodi ya ku Joni ndi Wenela anabwerako ndi madala ndi mfana. Amene anapita ku Halale anabwera ndi awo. M'Chishona shasha ndi katswiri, gamba ndi ngwazi, moti tsiku lokumbukira ngwazi za dziko ku Zimbabwe amalitcha la Magamba. Aise anachokera pakamwa pa Mngelezi. Geni, dhilu, kuhasula, onsewa ndi Chingerezi chovekedwa chitenje. Lero abale athu a ku Nsanama ndi Chikweo amene ali ku Johannesburg ndi Durban akutitumizira ena pa voice note tsiku ndi tsiku.

Nthawi ya Kamuzu boma linkayesa kulondera chilankhulo. Chichewa chinakhala chilankhulo cha dziko mu 1968, Chichewa Board inakhazikitsidwa mu 1972, wailesi inali imodzi yokha, MBC, ndipo panali anthu olipidwa kuti aziuza mtundu wonse liwu loyenera ndi losayenera. Chiyao chathu pa wailesi chinalibe malo mpaka ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994. Kuchokera pamenepo mawailesi anachuluka, kenako mafoni, kenako Facebook ndi TikTok. Mlonda uja kulibenso. Amene akuphunzitsa Chichewa mtundu wa mawa ndi woimba amene nyimbo yake yagunda mwezi uno. Taonani mmene "Wakalamba Wafuna" ya agogo aja a Jetu inasandukira mwambi wa aliyense posachedwapa, mpaka anthu oti nyimboyo sanaimvetsere n'komwe.

Anthu ophunzira anachiona kale chimenechi. Pulofesa Francis Moto wa ku Chancellor College analemba mu 2001 za chimene anachitcha chilankhulo chatsopano cha Malawi, ndipo mfundo yake inali yoti mawu amenewa amaulula mmene anthu owayankhulawo amaganizira. Chimwemwe Kamanga anadzachifufuzanso mozama n'kuchitcha Chibrazi, kuchokera ku liwu loti brazi, m'bale. Ndiye si zachibwana zongoseka. Ndi chilankhulo chokhala ndi malamulo ake, ndipo chili ndi nzeru zake.

Komanso tisaloze a rap okha chala. Ife Asilamu tili nawo mawu athu amene tinawasuntha. Sadaqa m'Chiarabu ndi chopereka chilichonse chofuna nkhope ya Allah, ngakhale kumwetulira m'bale wako. Kwathu kuno ukanena kuti kuli sadaka, aliyense amamva mpunga ndi nyama ya mbuzi pokumbukira malemu. Za mkangano wa masheikh pa mwambowo sindilowamo, ndikungonena za liwu. Shehe anali munthu amene wathera zaka akuphunzira Dini. Lero aliyense wa ndevu ndi kofia pa depoti ya Liwonde ndi shehe. In shaa Allah ena tinaisandutsa njira yaulemu yokanira. Nanga Wallahi? Kulumbira m'dzina la Allah, chinthu cholemera chimene ukachiswa pali kaffara, ife timachimwaza pa nkhani ya Manchester United ndi Arsenal. Amenewa sanatiphunzitse ndi Phyzix.

Ndiye Dini ikuti chiyani pa mawu atsopano? Poyamba, siikudana nawo. Mu Sahih ya Imam Bukhari muli nkhani ya kamtsikana kotchedwa Umm Khalid, kamene kanabadwira ku Habasha, Ethiopia wa lero, makolo ake atathawirako. Mtumiki, swalla Allahu alayhi wasallam, anakaveka kansalu kokongoletsedwa, ndipo pokayamikira anagwiritsa ntchito liwu la Chihabasha, sanah, lotanthauza chokongola. Anasiya Chiarabu n'kutola liwu la dziko limene mwanayo anakulira kuti amusangalatse. Ine ndikawerenga nkhani imeneyi ndimaona kuti mwalimu amene amauza mwana kuti "wawerenga bho" sanachimwe. Mayina achibwana nawonso alipo abwino: Abu Hurayra, mwini kamphaka, ndi dzina limene Swahabayo amadziwika nalo kuposa lake lenileni, ndipo Ali, Allah asangalale naye, ankalikonda dzina la Abu Turab limene Mtumiki anamupatsa atamupeza atagona mu mzikiti fumbi lili pamsana.

Koma pali mbali ina. Mu Surah Al-Baqara, ayah 104, okhulupirira analetsedwa liwu limodzi. Maswahaba akafuna kuti Mtumiki awadikire kapena awatchere khutu ankati raa'inaa, ndipo mumtima mwawo munalibe choipa. Koma ena mwa adani ake ku Madina ankalipotoza liwu lomwelo kuti limveke ngati chipongwe, akumaseka chamumtima. Allah sanayankhe kuti poti inu cholinga chanu n'chabwino pitirizani. Anawauza kuti alisiye, atenge lina, undhurnaa. Apa pali phunziro limene limandiluma: liwu silikhala ndi tanthauzo limene iwe ukufuna lokha. Limanyamulanso matanthauzo amene ena alipachika. "Ine sindimatanthauza zimenezo" si chishango chokwanira.

Ndiye pali Surah Al-Hujurat, ayah 11, imene ikuletsa kusekana, kunyozana ndi kuitanana ndi mayina oipa, ndipo ikutchula amuna paokha, akazi paokha. Chimene ambiri sitichiona ndi mathero a ayah imeneyi: ikutha ndi nkhani ya kulapa, kuti amene salapa pa zimenezi ndiye wopondereza anzake. Dzina lachipongwe ndi tawba zili mu ayah imodzi.

Tsopano ngongole yanga ija.

Tili Fomu 2, m'kalasi mwathu munali mtsikana wina, mlongo wa mnzanga amene tinkaswali limodzi. Anali wofatsa, wovala hijab yake bwinobwino, wanzeru pa masamu kuposa tonse anyamata. Thupi lake linakula msanga, basi, mlandu wake unali umenewo. Tsiku lina pa break tili chikhalire pansi pa mtengo wa mango, iye akudutsa ndi anzake kupita ku mjigo, ine ndinatulutsa liwu limodzi lokha, lija linali pakamwa pa aliyense nyengo imeneyo. "Cholapitsa." Anyamata anagwa nako kuseka, wina mpaka kundipatsa dzanja. Ndinamva kukoma, ndisakunamizeni. Kwa mphindi imeneyo ndinali dolo.

Pofika Lachisanu sukulu yonse inkamutcha choncho. Sabata yotsatira linafika pa siteji ya kabaza. Akamadutsa popita kumsika, azibambo oti akanatha kukhala malume ake ankaliimba mokweza, ena kuimba mluzu. Wa barbershop akamuona ankakweza nyimbo ija dala. Iye anayamba kuzungulira njira ya kumunda kuti asadutse pa trading centre, ulendo wa mphindi 15 n'kukhala wa ola. M'kalasi anasiya kukweza dzanja, chifukwa akangoimirira kumbuyo kunkamveka kunong'ona. Ine ndinkaziona zonsezi. Ndinkadziuza kuti si chitukwano, ndi kuyamikira, nanga si liwulo limatanthauza chinthu chabwino?

Bambo ake analimva dzinali kumsika. Iwo sanafunse kuti linayamba bwanji. M'maganizo mwawo, mtsikana amene anyamata a kabaza amamudziwa ndi dzina lotere ndiye kuti pali chimene akuchita. Kunyumba kunabuka mkangano umene mnzanga uja anangondiuza mwachidule, maso ali pansi, osadziwa kuti akuuza mwini mlandu. Teremu yachitatu mtsikanayo sanabwere. Chaka chotsatira tinamva kuti wakwatiwa cha ku Mpiri.

Sindinganene kuti dzina lokhalo ndilo linamuchotsa pasukulu. Fizi inali yovuta, chaka chimenecho kunali njala, ndipo tonse tikudziwa mmene atsikana a kuno kwathu amakwatitsidwira adakali aang'ono. Mwina akanachokabe. Kwa zaka zambiri ndinkabisala kuseri kwa "mwina" ameneyu. Koma katundu akamulemera munthu, amene waikapo mwala womaliza sangaloze amene anaika thumba loyamba.

Ndipo woimba uja sindingamuloze. Iye sanamudziwe mtsikanayo, sanafike pansi pa mango paja. Anandipatsa liwu, ine ndinasankha poliponya.

Chiyambire kuphunzitsa, ndimachita kamasewero kena ndi anyamata akuluakulu a ku darsi ya Loweruka. Ndimawauza kuti anditchulire mawu onse a pamsewu otanthauza mtsikana. Amatuluka ngati ngumbi: njole, geri, ngini, katundu, ndi ena oti sindingalembe pano. Kenako ndimati, tiyeni tiwasanje, ndi angati amene akunena za munthu, ndi angati akunena za chinthu chogula, chonyamula kapena chakudya? Pamakhala zii. Ndikafunsa mawu otanthauza mnyamata, amabwera ena: gamba, dolo, shasha, mfana wotokota. Onse a mphamvu, a luso, a ulemu. Chilankhulo chimodzi, pakamwa pamodzi, koma wina akutuluka ngwazi, wina akutuluka katundu. Ndiye ndimafunsa lomaliza: mwa mawu oyamba aja, ndi liti limene ungalole kuti wa kabaza aitanire mlongo wako? Apa ena amapsa mtima ndithu, ngati ndawatukwana ndine.

Muyeso wanga pa liwu latsopano lililonse tsopano ndi umenewo, ndipo si wovuta. Bho, shapu, geni, kuhasula, amenewa ndimayankhula ndipo sindiona vuto, kungoti kwa malume kapena kwa Imam sindingalowe nawo, monga mmene sungalowe mu mzikiti ndi nsapato ngakhale nsapatozo zili zoyera. Koma liwu limene limamuchotsa munthu umunthu, kapena limene limaveka tchimo malaya okongola kuti lisaoneke kuti ndi tchimo, limenelo ndimalilavula. Taonani mmene kuba kumasandukira "kuphula", chiwerewere "kucheza", katangale "dhilu". Munthu savutika kuchita chinthu chimene dzina lake silikumuluma. Pali hadith yodziwika mu Bukhari ndi Muslim yochenjeza kuti liwu limodzi limene munthu walitulutsa osaliganizira likhoza kumugwetsera kutali m'Moto. Ndili mwana ndinkaganiza kuti akunena mawu a ukafiri okhaokha.

Tibwerere ku bolodi lija. Imam An-Nawawi, amene anamwalira mu 1277, m'buku lake la Riyadhus Swalihin anaika mutu wa tawba koyambirira kwenikweni, wachiwiri, ndipo anafotokoza zimene ma ulama amati ndi zofunika kuti kulapa kulandiridwe. Ngati tchimo lili pakati pa iwe ndi Allah, zilipo zitatu: ulisiye, umve chisoni kuti unalichita, utsimikize mumtima kuti sudzabwererako. Koma ngati lakhudza munthu mnzako pali chachinayi: ukonze ndi mwini wakeyo. Ngati ndi chuma ubweze, ngati ndi ulemu wake umene unauipitsa ukapemphe chikhululuko. Ma ulama ena, monga Ibn Taymiyya, anati ngati munthuyo sakudziwa kuti unamujeda ndipo kumuuza kungangoonjezera bala, ndi bwino kumupempherera ndi kumunenera zabwino kumene unamunenera zoipa. Ine ndinaukonda kwambiri mwayi umenewu. Ndinaugwira zaka zambiri. Ndinkati iye sakudziwa amene anayambitsa, ndiye ndizingomupangira dua.

Zitatu zoyambazo n'zotheka uli wekha pa mkeka usiku. Chachinayicho chimafuna miyendo.

Ramadhani yapitayi ndinatsika ku Liwonde kukagula nsomba za futari, ndipo ndinamuona. Anali atakhala kuseri kwa beseni la mpunga wogulitsa pa kapu, mwana kumsana, wina wamkulupo akumuthandiza kumanga majumbo. Ndinadutsa kaye ngati sindinamuone, mpaka kukafika pafupi ndi mlatho wa Kamuzu Barrage. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana Shire, ndikudziuza kuti pamsika si malo ake, kuti mwamuna wake angamve molakwika, kuti papita nthawi. Zifukwa zinali zambiri ndipo zonse zinali zomveka. Kenako ndinabwerera.

Ndinapereka salaam, anayankha. Anandizindikira nthawi yomweyo.

"Achimwene, masiku ano akuti ndinu mwalimu?"

"Timangothandizira, chemwali."

Ndinagula makapu asanu a mpunga umene sindinkaufuna. Akuthira m'jumbo ndinayamba kuyankhula, mawu akutuluka mopingasa. Ndinati pali chinthu chimene ndinawalakwira kalekale kusukulu, dzina lija, ndine ndinaliyambitsa, ndipo ndikupempha kuti andikhululukire chifukwa cha Allah.

Sanadzutse mutu. Anamanga jumbo bwinobwino, mfundo ziwiri.

"Ndinkadziwa kuti munali inu. Tsiku lomwelo ndinamva mawu anu."

Ndiye kuti zaka zonse zimene ndinkabisala kuseri kwa fatwa ija, mwini wake ankadziwa. Ankadziwa pamene ndinkabwera kwawo kudzatenga mchimwene wake popita ku Jumu'a, iye n'kutipatsira madzi akumwa atagwada.

Anauza mwana wamkulu uja kuti akasinthitse ndalama kwa mayi wa tomato. Mwanayo atachoka anapitiriza, motsitsa mawu.

"Dzinalo silinathe, achimwene. Alipo amene amandiitanabe choncho, anzathu a nthawi ija akabwera kudzagula. Mwana wangayu anandifunsa chaka chatha kuti amayi, bwanji bambo aja anakutchulani zakuti? Ndinamuuza kuti ndi dzina la nyimbo."

Ndinasowa chonena. Ndinafunsa ngati pali chimene ndingachite.

"Masamu aja ndinkawakonda," anatero, ngati sanamve funso langa. Kenako anandiyang'ana koyamba. "Ndamva zimene mwanena. Mwezi uno ndi wa Ramadhani, sindikufuna kunama kuti mtima wanga wayera pomwe sunayere. Mundipatse nthawi. Mukadzadutsanso mudzandifunse."

Mwana anabwera ndi chenje. Ndinawerengera, ndinatsanzika, ndinakwera minibasi ya ku Ntaja mpunga uli pamiyendo. Nsomba zija ndinaiwala kugula.

Lachiwiri lija, ana atamaliza kundiuza za foni yanyuwani ndi chigoli chomenyera patali, sindinawakalipire. Sanalakwe, liwulo masiku ano limatanthauzadi zimenezo. Ndinangotenga choko n'kulemba mzere kuchoka pa liwu lachitatu kukwera mpaka pa loyamba, ndipo ndinawafunsa kuti ndani akuona chimene chabisala m'kati mwa cholapitsa. Panapita kanthawi. Kenako kamtsikana kena ka kumbuyo, kamene sikayankhulayankhula, kanati, "Muli kulapa, mwalimu." Kamnyamata kaja kanayang'anitsitsa pa bolodi, pakamwa pali yasa, n'kunena kuti, "Aaa, koma zoona eti."

Ndinawapatsa ntchito yoti Lachiwiri likubwerali aliyense abwere ndi liwu limodzi la pamsewu limene amalikonda, afunse agogo ake kapena munthu wamkulu kuti kale linkatanthauza chiyani, ndipo andiuze ngati analiponyerapo munthu. Nanenso ndili ndi yanga. Loweruka ndikupita ku Liwonde, ndipo aka kakhala kachitatu kudutsa pa beseni lija. Ulendo wachiwiri ndinapeza pali mng'ono wake, akuti eni ake anapita kuchipatala ndi mwana.